Chisanu chikamalowa ku Bembeke, belo la majuzi ndilo limalamula

Nthawi ili cha m'ma 6 koloko m'mawa ndipo nkhungu sinachoke. Mapiri sakuoneka. Galimoto zodutsa mumsewu wa M1 zikuyenda zitayatsa nyali.

Kutsogolo kwa kashopu kamalata, anthu angapo aima mozungulira belo la kaunjika. Manja apisa m'khwapa. Palibe amene akuyankhula zambiri.

Mwini shopu, mayi wovala zitenje ziwiri ndi chipewa cha ulusi, wagwada n'kuyamba kudula zingwe ndi mpeni. Chingwe chomaliza chitaduka, belo lafufuma n'kutulutsa fungo lija limene aliyense wogula kaunjika amalidziwa.

Majuzi okhaokha.

Iye sakuyang'ana makasitomala. Maso ake ali pa zovala zoyamba kutuluka, chifukwa zimenezo zimamuuza ngati mwezi uno adya phindu kapena wataya mpamba.

Kumbuyo kwake, pa thabwa lokhomedwa misomali, pakulendewera mikanda ya m'khosi, zibangili ndi ndolo zimene amatunga yekha madzulo. Lero palibe amene akuziyang'ana. Mayiyo sakudandaula nazo. Akudziwa kuti nthawi yake sinakwane.

Awa ndi masika a ku Bembeke, m'boma la Dedza.

Miyezi iwiri yokha

Malonda a zovala kuno amatsatira munda ndi mphepo.

Mu Januwale ndi Febuluwale mlimi alibe ndalama. Zonse zidapita ku feteleza, mbewu ndi aganyu. Wogulitsa zovala amangokhala pakhomo la shopu kuonerera mvula.

Ikafika Epulo zinthu zimasintha. Mvula yakata. Mbatatesi yakumbidwa, nyemba zauma, chimanga chikuyamba kulowa m'nkhokwe. Pa mphambano yolowera ku Bembeke, ndowa za mbatatesi, tomato, kabichi ndi anyezi zimandandalika m'mbali mwa msewu, ndipo mabasi ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaima. Ndalama imayamba kuyenda m'manja.

Nthawi yomweyo mphepo imasintha. Usiku umayamba kuluma.

Zinthu ziwirizi, ndalama ndi kuzizira, zimakumana mu Epulo ndi Meyi. Wamalonda amene wapeza majuzi, majekete, masokosi ndi mabulangete m'miyezi imeneyi wadya bwino. Amene wachedwa mpaka Julaye amapeza kuti anthu adagula kale, ndipo ndalama ya mbatatesi idatha.

Pali ena amene amagula chaka chilichonse osaphonya: makolo a ana a sukulu. Teremu yachitatu imagwera m'nyengo yozizira, ndipo mwana wa ku Dedza sangapite m'kalasi ndi malaya a yunifolomu okha. Kulinso ophunzira a pa koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's, anamwino, aphunzitsi ndi ogwira ntchito pa malo ofufuzira za ulimi a Bembeke. Awa amalandira pamwezi. Amasankha mofatsa, ndipo ambiri amapempha kuti adzalipire mwezi ukatha.

Kuzizira kwa kuno si nkhani yachilendo. N'kumene kudabweretsa mishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene adatsegula mishoni ya Mua mu 1902 kumunsi kufupi ndi nyanja, ankavutika ndi kutentha ndi malungo. Ankakwera mapiri kudzapuma kuno, ndipo mu 1910 Bembeke idakhala mishoni payokha. Tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza chili pompano. Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Chikatolika mu 1937 komanso woyamba kukhala episkopi mu 1957, adatumikira kuchokera pano.

Mphepo imene idachiza amishoni ija ndi yomweyi ikugulitsa majuzi lero.

Belo saliona m'kati

Aliyense wochita geni ya kaunjika amanena chimodzimodzi: belo ndi juga.

Amakalioda ku Lilongwe, nthawi zina ku Limbe, kwa amalonda akuluakulu amene amaitanitsa makontena kuchokera ku Ulaya, America, China ndi mayiko ena. Mabelo ambiri amalemera makilogalamu 45. Kunja kwake kumalembedwa mtundu wa zovala, kaya majuzi, majekete, madiresi kapena za ana. Koma salola kutsegula usanalipire, ndipo ukatsegula sungabweze.

Nthawi zina umapezamo zovala zabwino zoti theka lokha libweza mpamba. Nthawi zina umapezamo majuzi othothoka, ong'ambika m'khwapa, kapena aakulu kwambiri moti m'mudzi monse mulibe munthu woti amukwane.

Luso lenileni limayamba belo likatsegulidwa.

Mwini shopu amagawa zovala patatu. Zabwino kwambiri amazichapa, n'kuzisita ndi simbi ya makala, n'kuzipachika m'kati. Zapakatikati zimapita pa chingwe pakhonde. Zotsala zimaunjikidwa pa lona pansi, pamene mnyamata wothandiza amakuwa kuti “Sankhani, sankhani, zatchipa!” mpaka mawu atasasa.

Apa ndi pamene wa shopu amasiyana ndi venda wa pamsika. Venda amagulitsa msanga kuti mawa akaode belo lina. Wa shopu amadikira. Amasokerera batani, amasintha zipi, amapita ndi jekete kwa telala kuti alichepetse manja. Chovala chimene chikadapita pa mulu chimakwera n'kukapachikidwa m'kati, mtengo wake n'kukweranso.

Ndipo pali zovala zina zimene zaka khumi zapitazo palibe akadaziyang'ana kawiri.

Jekete lajinzi lofwifwa. Jekete lachikopa lolemera la m'zaka za m'ma 1980. Juzi yoluka pamanja ya mitundu yambirimbiri. Diresi la maluwa lofika m'mapazi, la mapewa otukuka, longa limene amayi athu ankavala lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi lisadachotsedwe mu 1993.

Kwa mlimi wa kwa Kamenyagwaza, izi ndi zovala zakutha. Iye akufuna jekete lochindikala, looneka latsopano, loti avale ku dimba m'mawa ndiponso ku tchalitchi Lamulungu.

Kwa mtsikana wa ku Area 47 mu Lilongwe kapena mnyamata wa pa yunivesite, izi ndi zovala zachikale zimene zili m'fasho. Amazisaka, ndipo amalipira osanenerera kwambiri.

Wamalonda wochenjera adaona zimenezi. Zovala zotere sazipachika n'komwe. Amazijambula ndi foni kunja kukawala, n'kuziika pa WhatsApp kapena pa Facebook. Wogula amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Jekete limene lidadutsa mu Lilongwe lili m'belo limabwereranso komweko litachapidwa, mtengo utakwera.

Ine ndimaona kuti apa mpamene pali nzeru zenizeni za malondawa. Belo aliyense angagule ngati ali ndi mpamba. Diso lodziwa kuti chovala ichi n'cha ndani, ndi ochepa ali nalo.

Dola ili kutali, koma imafika

Mayi wa ku Bembeke mwina sadagwirepo dola. Komabe dola ndiyo imakhazikitsa mtengo wa belo lake.

Kaunjika amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, mabelo adakwera mtengo. Itagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, adakweranso. Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kudachititsa kuti oitanitsa katundu ambiri azipeza dola pamsika wamseri, pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mtolo wonsewo udagwera wogula belo limodzilimodzi.

Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika a mumzinda wa Lilongwe adatopa nazo. Adatseka malonda n'kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo, kudandaula kuti mitengo ya mabelo ikukwera mosalekeza. Zionetserozo zidafalikiranso m'matauni ena.

Wa ku Bembeke ali ndi vuto lina pamwamba pa limeneli: mtengo wa mayendedwe. Mafuta akasowa, minibasi imakwera mtengo, ndipo belo limalipiridwa malo ngati munthu.

Ndiye amakweza mtengo wa juzi?

Amakweza, koma pang'ono. Kasitomala wake ndi mlimi amene nayenso akulira mtengo wa feteleza. Akamva mtengo amaseka, n'kunena kuti “Amayi, tsitsaniko, ndife omwewa,” ndipo kunenerera kumayamba. Ambiri mwa ogulawo ndi anthu opemphera nawo tchalitchi chimodzi, ena ndi achibale a bambo a kunyumba. Kuwakaniza n'kovuta. Kabuku ka ngongole kamadzaza msanga kuposa kachikwama ka ndalama.

Chifukwa chake amalonda ambiri ang'onoang'ono adasiya kugula belo lathunthu. Amasonkherana awiri kapena atatu n'kugawana. Ena amapita m'mamawa pamene mnzawo akutsegula belo, n'kusankhamo zovala zochepa zabwino pa mtengo wopikulira. Mpamba umachokera ku banki m'khonde. Amene wasowa kolowera amapita kwa akatapila, ndipo ameneyo kawirikawiri safika chaka chamawa shopu ili yotsegula.

Pali funso limene limabwera nthawi zonse nkhani ya kaunjika ikayambika: bwanji dziko lolima thonje ku Balaka, Salima ndi Chikwawa likuvala zovala zotsala kwa ena?

Akuluakulu amakumbukira fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene kuyambira m'zaka za m'ma 1960 inkaluka nsalu zovala Amalawi ambiri. Msika utatsegulidwa kwa katundu wakunja m'zaka za m'ma 1990, fakitaleyo idafooka mpaka boma lidaigulitsa kwa kampani ya Mapeto mu 2003. Atelala a m'makhonde a sitolo adataya ntchito yambiri, natsala ndi mayunifolomu, zitenje za maukwati ndi kukonza kaunjika yemweyo.

Mayiko ena adayesapo kulimbana naye. Dziko la Rwanda lidakweza kwambiri msonkho wa zovala zogwiritsidwa kale ntchito mu 2016, ndipo mu 2018 dziko la America lidabwezera poimitsa mwayi wa Rwanda wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho kudzera mu pangano la AGOA. Koma kuno kwathu, bungwe la DAPP, limene lakhala m'dziko muno kuyambira 1995, limagulitsa kaunjika m'masitolo ake n'kugwiritsa ntchito phindulo pa ntchito monga makoleji a aphunzitsi.

Mtsutsowu ndi wofunika. Koma pa Bembeke m'mawa wa mu Juni, mwana amene akunjenjemera pa mzere wa asembule safunsa kuti juzi idalukidwa kuti. Kuletsa kaunjika fakitale zathu zisadayambe kupanga juzi yotsika mtengo kungakhale kulanga mwana ameneyo.

Thabwa la mikanda

Masana dzuwa likatuluka, makasitomala amachepa. Mwini shopu amakhala pa mpando pakhomo, mbale ya mikanda pamiyendo, singano ndi ulusi wa nayiloni m'manja.

Ntchito imeneyi imadya maso. Mikanda ing'onoing'ono imatungidwa umodziumodzi, ndipo ukalakwitsa mtundu pakati, uyenera kumasula mpaka pamene walakwitsapo. M'nyengo ino zala zimauma ndi kuzizira, ndiponso dzuwa limalowa msanga. Magetsi akazima amatungira pa nyali ya sola kapena ya foni.

Sikuti amagwiritsa ntchito mikanda ya galasi yokha. Zidutswa za chitenje zotsala kwa telala amakutira nazo zibangili ndi ndolo. Mapepala a magazini akale amawadula, kuwapinda mwamphamvu n'kuwapaka vanishi mpaka asanduke mikanda. Amatolanso njere zolimba za m'tchire. Ndipo belo lenilenilo limamupatsa zipangizo: mabatani a chitsulo a pa jekete losagulika, unyolo wa pa chikwama chong'ambika, timikanda ta pa bulauzi yothimbirira. Chimene chikadatayidwa chimakathera m'khutu la munthu.

Mikanda si yachilendo m'dera lino.

Mukatsika phiri kulowera ku Mtakataka mumafika ku Mankhamba, kumene kudali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adakumba pamalopo ndipo adalemba zimene adapeza m'buku lake la mu 2020. Mwa zina adapeza mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi za minyanga ya njovu. Zaka mazana angapo zapitazo, anthu a m'boma lomwe lino ankavala kale mikanda yobwera ndi amalonda ochokera kugombe la Indian Ocean.

Angoni a Maseko atakhazikika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu m'zaka za m'ma 1800, adabwera ndi kavalidwe kawo ka mikanda ya m'mutu, ya m'khosi ndi yopingasa pachifuwa, imene timaionabe pa gule wa ngoma.

Minyanga ya njovu ija tsopano ndi mlandu waukulu, ndipo palibe wamalonda wanzeru amene amaikhudza. Koma mikanda ikadali yochokera kunja mpaka lero. Imagulidwa m'timapaketi m'masitolo a mu Lilongwe, pamodzi ndi timawaya ta ndolo ndi zotsekera. Choncho dola imafikanso pa thabwa lija.

Kusiyana kwake n'kwakuti pa mkanda, gawo lalikulu la mtengo ndi ntchito ya manja. Paketi imodzi imatulutsa zinthu zambiri, ndipo palibe juga. Chimene wagula wachiona.

Nanga amagula ndani?

Amayi a m'dera lino amagula mikanda ya m'chiuno. Imeneyi sipachikidwa poyera. Imakhala m'kachitini pansi pa kauntala, ndipo wogula amadikira kuti abambo atuluke kaye asanafunse motsitsa mawu. Anamkungwi ndi alangizi a zikwati amaitanitsa yambiri nthawi imodzi, makamaka tsopano pamene zokolola zalowa ndipo zinkhoswe, maukwati ndi zinamwali zikuyandikira.

Amakwaya ndi amabungwe a amayi a ku tchalitchi amafuna ndolo ndi mikanda yofanana ndi yunifolomu yawo.

Kenako pali miyambo ya chaka ndi chaka. Kulamba, mwambo wa Achewa, umachitika mu Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Umhlangano wa Angoni a Maseko umachitikira ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu cha m'nyengo yomweyo. Opita kumeneko amafuna kukaoneka bwino, ndipo amayamba kufunsa mikanda mu Julaye.

Apa ndiye pali chinsinsi cha shopu yogulitsa zinthu ziwirizi pamodzi. Juzi imagulidwa kuyambira Epulo mpaka Juni. Mkanda umatungidwa m'miyezi yomweyo, n'kudzagulidwa juzi itasiya kuyenda. China chikagona, china chimadzuka.

Alendo amadutsa osaima

Boma la Dedza silisowa alendo. Dedza Pottery, imene idayamba mu 1987, imakoka anthu odzagula mbale ndi makapu. Zojambula za pa miyala za ku Chongoni, zopezeka pa malo 127, zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ku Mua kuli KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Mvula ikatha ndi pamene alendowa amachuluka.

Koma wotunga mikanda wa pa Bembeke amawaona pa windo la galimoto basi.

Amaima kugula mbatatesi ndi mapichesi ikakhala nyengo yake, n'kupitirira. Palibe chikwangwani chowauza kuti kuseri kwa ndowazo kuli munthu wopanga ndolo. Zimene amapanga zikafika kwa alendo, zimadzera mwa wina amene wapikula motchipa n'kukagulitsa ku Lilongwe kapena kunyanja, ndipo dzina la wopangayo silimveka.

Vuto lina ndi la iwo eni, ndipo tisabise. Ambiri amatengerana. Wina akapanga chibangili cha mitundu ya mbendera, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, sabata yamawa aliyense ali nacho chomwecho. Timawaya totchipa timachita dzimbiri m'chinyontho cha kuno, kasitomala n'kutupa khutu, osabweranso. Ndipo ndi ochepa amene amawerengera maola awo poika mtengo. Amawerengera mikanda ndi ulusi, n'kuonjezerapo pang'ono, ngati kuti maso ndi msana n'zaulere.

Adani a m'shopu

Chinyontho ndi mdani woyamba. Nkhungu ya ku Bembeke imalowa paliponse, ndipo jekete lachikopa likakhala m'thumba milungu ingapo limachita chuku. Dzuwa likangotuluka, katundu yense amatulutsidwa kukayanikidwa. Madzulo amalowetsedwanso. Makoswe nawo, amene amachuluka chimanga chikalowa m'nyumba, amakonda kumanga zisa m'majuzi a ubweya.

Akuba amadziwanso kuti ino ndi nyengo ya ndalama. Pa tsiku lotsegula belo, manja amachuluka kuposa maso, ndipo juzi imatha kulowa m'chitenje mwakachetechete.

Koma mdani wamkulu ndi kalendala.

Ogasiti akamatha, mphepo imayamba kufunda. Juzi imene sinagulidwe pofika nthawi imeneyo ndi mpamba wogona mpaka chaka chamawa, ndipo banki m'khonde sidikira chaka chamawa. Chifukwa chake mu Julaye mudzaona majekete abwino akutsika kuchoka m'kati kupita pakhonde, kenako pa lona. Mwini wake amalolera kutaya phindu kuti apeze ndalama yoodera madiresi opepuka ndi malaya a m'chilimwe.

Amene amapulumuka ndi amene amalemba. Kabuku kosonyeza kuti belo lidadya zingati, mayendedwe zingati, tikiti ya msika zingati, ndipo zalowa zingati. Ambiri amene adatseka sadagwe chifukwa cha belo loipa limodzi. Ankatapa m'kachikwama ka shopu kugulira ndiwo, sopo ndi chipepeso cha maliro osalemba, mpaka tsiku lokaoda lidafika ndalama zisakukwana.

Akhonsolo ndi mabungwe amene amati amatukula amayi pa bizinesi ali ndi ntchito yosavuta pano. Shedi imodzi youma pafupi ndi msewu, yokhala ndi chikwangwani, momwe opanga mikanda, oluka ndi osema angaikemo katundu wawo, ingasinthe zambiri. Ngongole nazonso zizifika mu Malichi pamene wamalonda akufuna kuoda majuzi, osati mu Julaye.

Inunso apaulendo, mukaima pa Bembeke kugula mbatatesi masika ano, tsikani m'galimoto mufunse kumene kuli otunga mikanda. Pa juzi nenererani mmene mungathere, ndi mwambo wa kaunjika. Koma pa mkanda, funsani kaye kuti adautunga maola angati musanapemphe kuti atsitse mtengo.